Njinga zamoto zopanda mashoko zikupweteka misana ya anyamata athu

A Mkonzi,

Ndine mmisiri wosoka mipando ya galimoto ndi zishalo za njinga zamoto kuno ku Kalingalinga, ndipo ndikupempha kadanga m'nyuzipepala yanu kuti ndinenepo za fashoni imene yayamba kuoneka pakati pa anyamata okonda njinga mu Lusaka muno. Iwo akumatenga njinga yabwinobwino, n'kuchotsa mashoko akumbuyo (zida za masipuling'i zimene zimachepetsa kugunda kwa msewu), n'kupita nayo kwa owotcherera kuti felemu ikhale chitsulo chimodzi kuyambira kukhosi mpaka kutayala lakumbuyo. Akatero amabwera kwa ine kuti ndiwasokere kachishalo kopyapyala ngati mkeka, koti kamangidwe pachitsulo penipenipo, chifukwa ndi mmene anaonera pa Facebook.

Kukongola kwake sindikukana. Njinga yotere imakhala yotsika, yowongoka bwino, ndipo ikaima pamalo omwetsera mafuta anthu amaizungulira. Koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Anyamatawa amati akutsanzira njinga zakale za ku America, ndipo mbali ina akunena zoona, pakuti njinga zikuluzikulu za Harley-Davidson zinalibe mashoko kumbuyo mpaka mu 1958 pamene kampaniyo inatulutsa njinga yotchedwa Duo-Glide, yokhala ndi mashoko kumbuyo. Chimene sanachionetsetse pazithunzipo n'chakuti amisiri a nthawi imeneyo sankakhazika munthu pachitsulo. Chishalo chinali chotambalala ngati cha thirakitala, ndipo chinkakhala pamtengo wachitsulo wolowa m'paipi ya felemu momwe munali masipuling'i, kotero kuti tayala likagunda dzenje njinga inkadumpha koma wokwera n'kumangoyandama pamwamba. Ngakhale kampani yomweyo itafuna kubwezeretsa maonekedwe akalewo mu 1984 ndi njinga yotchedwa Softail, mashoko sinawataye, inangowabisa kunsi kuti asaoneke. Kampani ina yopanga njinga zamoto, Triumph, nayo inabisa shoko pa njinga yake yotchedwa Bonneville Bobber. Eni ake a fashoniyi amaopera msana wa wokwera, nanga ife tikulimba mtima ndi chiyani?

Pa felemu yopanda mashoko, zinthu zimene zatsala pakati pa msewu ndi msana wa munthu ndi zitatu zokha: mpweya wa m'tayala, chishalo, ndi miyendo yake. Apa ndi pamene ambiri amadzipweteka kawiri, chifukwa akachotsa mashoko amasunthanso zopondapo kupita nazo kutsogolo kwenikweni, n'kuika mahandulo ataliatali oti manja azikhala kumwamba kuposa mapewa. Munthu wokhala chotero miyendo yake yatambasuka, sangathe kudzuka pang'ono pachishalo akaona hampu kapena dzenje, ndipo thupi lonse limatsamira pa kafupa ka kumapeto kwa msana. Pamene zopondapo zili pansi pa mawondo, iye amaponda n'kunyamuka pang'ono, mawondo n'kulandira kugundako. Manja okwezedwa nawo amachita dzanzi, ndipo liwiro likakwera mphepo imakankha chifuwa moti munthu amangokhala cholendewera ku mahandulo.

Za siponji ndinenepo monga mwini ntchito. Ambiri amapempha yofewa kwambiri poganiza kuti ndiyo yabwino, koma yofewayo imaphwathika msanga mpaka mafupa a m'matako amakagunda lata la pansi. Chimene chimathandiza ndi siponji yolimba pansi ndi kofewa pang'ono pamwamba, pa chishalo chotambalala mokwanira kulandira mafupa onse awiri, chokwezeka kumbuyo kuti munthu asamatsetsereke akakoka moto. Pansi pake pakhale masipuling'i awiri kumbuyo ndi hinji kutsogolo, ndipo masipuling'iwo agwirizane ndi kulemera kwa mwini njinga, chifukwa ofooka amatsekeka n'kumagunda, pamene olimba kwambiri ali ngati palibe.

Sindikulankhula zongomva. Chaka chatha ndinakwera njinga ya kasitomala wina kuchokera pano kupita ku Chongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 45 pa Great East Road, kuti ndiyese chishalo chimene ndinamusokera monga anafunira iyeyo. Pamene phula linali losalala ndinasangalala ndithu, koma pa mahampu mano anagundana, ndipo pobwerera ndinaima kawiri kuti ndiwongole chiuno. Chinandiopsa koposa n'chakuti pamalo okumbika tayala lakumbuyo linkadumpha n'kusiya msewu, ndipo tayala limene lili m'mwamba silimva buleki. Uwu unali msewu waukulu, tsiku lopanda mvula. Taganizani za njira za m'makomboni monga Kanyama ndi Chawama m'nyengo ya dzinja, pamene madzi amabisa maenje.

Ena amaphwetsako tayala lakumbuyo kuti lifewe. Zimathandizadi pang'ono, koma akapyola muyeso tayala limatentha, njinga imagwedezeka pokhota, ndipo limu imapindika ikagunda mwala. Za wokwera kumbuyo ndiye zomvetsa chisoni, pakuti kasiponji kake kamamatidwa pa madigadi, pamwamba penipeni pa tayala.

Pempho langa likupita kwa amisiri anzanga, owotcherera ndi osoka omwe, kuti tisamangolandira ndalama n'kukhala chete. Mnyamata akalimbikira felemu yopanda mashoko, njinga ndi yake, koma timukhazike pa njingayo tisanawotcherere chilichonse, tione pamene mawondo ndi zigongono zake zikufika, zopondapo zikhale pamalo oti angathe kuimirirapo, ndipo masipuling'i a chishalo asachotsedwe. Ine tsopano chishalo chomanga pachitsulo sindisokanso. Mwezi uno anyamata awiri anyamula njinga zawo kupita nazo kwina, akuti mdalayu ndi wachikale.

Ine wanu,
Wosoka zishalo,
Kalingalinga, Lusaka