Kuwerenga mbande sikokwanira, tiyeze nthaka ya pamigodi

Akonzi,

Ndikupempha danga kuti ndinenepo za malo amene akumbidwa malasha m'boma la Moatize, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kumene mgodi waukulu unayamba kutulutsa malasha mu 2011. Pokamba za kukonzanso malowa timauzidwa chiwerengero cha mbande zimene zawokedwa, koma chiwerengerocho sichitiuza ngati nthaka yabwerera mwakale.

Dothi lapamwamba, lokhala ndi chonde, njere za udzu ndi tizamoyo tosaoneka ndi maso, limapalidwa n'kuunjikidwa pambali kukumba kusanayambe. Likakhalitsa pamulu, m'kati mumasowa mpweya ndipo tizamoyoto timafa, kotero pobwezedwa limayalidwa lopanda mphamvu pamwamba pa miyala yopondedwa ndi zigalimoto zolemera. Mvula ikagwa madzi salowa pansi. Amangothamanga, kukumba zigwembe, n'kutengera dothilo kumtsinje wa Revúbuè.

Chimene chimaiwalika kwambiri ndi kutentha. Aliyense wodziwa chigwa cha Zambezi akudziwa kuti mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo miyala yakuda yotsala pamgodi imatentha koposa pamenepo, moti mbande yothiriridwa m'mawa imafota dzuwa lisanapendeke. Malo amayamba kuchira udzu ukaphimba pansi ndipo mitengo ikayamba kupereka mthunzi ndi kutchinga mphepo. Mukafukula masamba ogwa pansi pa mtengo wotere masana, mumapeza dothi lozizirirapo, lachinyontho, lokhala ndi timabowo ta chiswe. Chiswe chomwechi, chimene timadana nacho m'minda, ndicho chimatsegulira madzi njira. Zimenezi zimatenga zaka zambiri, ndipo moto umodzi wolusa kapena mbuzi zosakusidwa zimabweza ntchitoyo m'mbuyo.

N'chifukwa chake sindikhutira ndi mizere ya bulugama, ngakhale imakula msanga. Tsanya ndi masau ndi mitengo yozolowera chilala cha kuno, pamene mthethe ndi msangu zimawonjezera chonde m'nthaka, ndipo msangu umayoyola masamba nthawi yadzinja, mbewu zikufuna dzuwa.

Pempho langa kwa akuluakulu oona za chilengedwe m'chigawo cha Tete ndi lakuti, malo asanavomerezedwe kuti akonzedwa, ayezedwe mmene madzi akulowera pansi, kutentha kwa nthaka masana ndiponso kuchuluka kwa chonde, chaka ndi chaka. Zotsatira zake zifotokozedwe kwa mafumu ndi alimi m'Chinyungwe ndi m'Chichewa, pakuti iwo ndiwo adzalime ndi kudyetsa ziweto pamalowo malasha akadzatha.

Ine wowerenga wanu,
Ulongwe, Angónia