Zikwangwani zamagetsi zikutithobwa m'maso usiku

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu za zikwangwani zamagetsi zotsatsira malonda zimene zayamba kumera m'mbali mwa misewu ikuluikulu ya m'mizinda yathu. Ndikunena zija zokhala ngati wailesi yakanema yaikulu, zosintha zithunzi zokha.

Ine ndimayendetsa galimoto yoperekera katundu m'masitolo, ndipo masiku ambiri ndimaweruka kutada. Mwezi wathawu, cha m'ma 8 koloko usiku, ndinkabwerera kunyumba kamvula kakuwaza. Magetsi a mumsewu anali ozima. Ndikuyandikira mphambano ina, chikwangwani chimene chinali kumanzere kwanga chinachotsa chithunzi chakuda n'kubweretsa choyera mbee. Kuwalako kunamwazika m'madontho onse a pagalasi, ine osaonanso kanthu. Pamene maso amabwerera, kutsogolo kwanga kunali wakabaza, njinga yopanda nyali, atakweza mayi wobereka mwana kumbuyo. Ndinaponda mabuleki ndi mphamvu zanga zonse, galimoto n'kuima patangotsala pang'onong'ono. Mayiyo sanatembenuke n'komwe, sanadziwe kuti imfa yamudutsa pafupi. Ine ndinakaima pambali kwa kanthawi, manja akunjenjemera.

Aliyense amene anaunikidwapo ndi tochi kumaso usiku akudziwa chimene chimachitika. Mumdima mboni ya diso imakula kuti itole kuwala kochepa kumene kulipo. Ikakumana ndi kuwala kwamphamvu imachepa nthawi yomweyo, koma kuti izolowerenso mdima pamapita nthawi, ndipo kwa ife amene zaka zapitako nthawiyo imatalika. Tsono galimoto siidikira. Pa liwiro la makilomita 50 pa ola, imayenda mamita pafupifupi 14 pa sekondi imodzi. Masekondi awiri okha dalaivala ali wothobwa, kapena akuyang'ana chithunzi chimene changosintha, wadutsa mamita 28 osaona msewu. M'mamita amenewo mumakhala ana ochokera kogula mafuta a nyali, alonda opita kuntchito, amayi osenza mitolo.

Masana chikwangwani chotere chimayenera kuwala kwambiri chifukwa chikulimbana ndi dzuwa, izo n'zomveka. Cholakwika n'chakuti china chimapitiriza mphamvu yomweyo dzuwa litalowa. Komatu zikwangwanizi zimatha kuikidwa kachipangizo koyeza kuwala kwa kunja, kuti kukamada nazonso zizichepetsa kuwala zokha. Mwini wake amapulumutsa ngakhale ndalama za magetsi.

Mayiko ena anayamba kale kuikapo malire. Ku America, m'chaka cha 2007, nthambi ya boma yoyang'anira misewu ikuluikulu, Federal Highway Administration, inatulutsa malangizo akuti uthenga umodzi uzikhala pachikwangwani pakati pa masekondi 4 ndi 10 usanasinthe, ndipo inati masekondi 8 ndiwo oyenera. Inatinso kusinthako kuzichitika mwachangu, ndipo kuwala kuzitsika kukamada kuti kusathobwe oyendetsa galimoto. Ku France lamulo limati zotsatsa malonda zowala zizizimitsidwa kuyambira 1 koloko usiku mpaka 6 koloko m'mawa, kupatula malo ochepa monga mabwalo a ndege, ndipo mu 2022 lamuloli linafika m'mizinda yonse ya dzikolo. Mzinda wa São Paulo ku Brazil ndiye unachita kuzula zikwangwani zikwizikwi mu 2007. Ine sindikupempha zofika pamenepo. Amalonda ayenera kutsatsa, makhonsolo amapeza ndalama pa zilolezo, ndipo pali achinyamata amene amadyera pa ntchito imeneyi.

Koma taonani, ngati mayiko a misewu yowala usiku wonse anaona kuti pakufunika malire, nanga ife? Kwathu kuno nyali za mumsewu n'zochepa, ndipo magetsi akathima dera lonse, chikwangwani chokhala ndi jenereta kapena mabatire chimatsala chokha chili ngwee pakati pa mdima wandiweyani. Mdima ukachuluka, kuthobwako kumakulanso. Onjezanipo kuti anthu ambiri amayenda pansi m'mphepete mwenimweni mwa phula, ena atavala zakuda, ndipo njinga zambiri zilibe ngakhale kagalasi konyezimira kumbuyo.

Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linapatsa makhonsolo mphamvu zopanga malamulo awoawo a m'madera mwawo. Ndikupempha makhansala a m'mizinda yathu kuti agwiritse ntchito mphamvu imeneyo pa nkhaniyi. Pa chilolezo cha chikwangwani chilichonse palembedwe nambala yeniyeni ya mlingo wa kuwala kumene sikuyenera kupitiriridwa usiku, osati mawu ongoti "kusawale kwambiri", chifukwa mawu otere aliyense amawamasulira mokomera thumba lake. Palembedwenso masekondi amene uthenga uyenera kukhala usanasinthe. Ndipo zithunzi zoyenda ngati filimu, kapena zophethira, zisaloledwe n'komwe pafupi ndi maraundabauti, maloboti ndi malo owolokera anthu. Pamalo oterewa dalaivala ali kale ndi zambiri zoti aone. Chofiira kapena chobiriwira chikawala kumbuyo kwa loboti, munthu angathe kusokonezeka.

Chinanso, oyendera zikwangwaniwa azipita usiku. Masana palibe chimene angaone. Kachipangizo koyezera kuwala n'kakang'ono, kogwira m'manja. Apolisi apamsewu ndi a nthambi yoona za chitetezo cha pamsewu afunsidwe maganizo chikwangwani chisanadzalidwe, osati ngozi itachitika kale. Ndipo makhansala akamakambirana zimenezi aitane madalaivala a minibasi, akabaza ndi mabanja okhala moyang'anana ndi zikwangwanizi, amene kuwala kumawalowera m'zipinda zogona kudzera m'makatani. Amenewa ndiwo angaloze chimene chikuvuta ndi malo ake.

Pamphambano ija ndimadutsapobe tsiku lililonse, popeza njira ina yopita kwathu kulibe. Masiku ano ndikamayandikira ndimatsitsa chotchingira dzuwa ngakhale uli usiku, n'kuchepetsa liwiro mpaka a kumbuyo kundiimbira mahutala.

Ine wowerenga wanu,
Dalaivala wodandaula,
Blantyre