Kwa mnzanga amene akusamalira amayi ake

Mnzanga wokondedwa,

Ife kuno tili bwino, kaya iwe ndi ana kumeneko. Uthenga wako ndinaulandira, ndipo zandikhudza kumva kuti amayi ayamba kufunsa funso limodzimodzi kambirimbiri pa tsiku, mpaka kuiwala pamene aika mankhwala awo. Wati usiku umakhalira kufufuza pafoni, aliyense akunena zake, mutu mpaka kuwawa.

Usanakhulupirire nkhani iliyonse, yamba waona kuti mwini wake ndani. Masamba a WHO (bungwe loona zaumoyo padziko lonse), a NHS (nthambi ya zaumoyo ya ku Britain) ndi MedlinePlus ya boma la America ndi odalirika chifukwa sakutsatsa malonda. Ukangoona nkhani ikuthera pa mapiritsi "obwezeretsa nzeru", itseke. Matenda a dementia, oiwalaiwala ndi kusokonezeka maganizo mokulirakulira, omwe nthawi zambiri amayamba chifukwa cha nthenda ya ubongo yotchedwa Alzheimer, alibe mankhwala ochiza mpaka lero. Alipo ongochepetsako zizindikiro.

Komanso si kuiwala konse kumene kuli dementia. Kuchepa kwa vitamini B12, vuto la chithokomiro ngakhale matenda a nkhawa zimachititsanso munthu wachikulire kuiwala, ndipo zimenezi zimachizika. Intaneti siingawayeze magazi amayi, mnzanga, apite nawo kwa dokotala. Utenge mankhwala awo onse m'kathumba, ngakhale amene amagula okha, chifukwa ena akaphatikizana amasokoneza mutu. Ndipo tsiku lina akangodzuka atasokonezeka mwadzidzidzi, osakuzindikira kapena kumangogona, usayambe n'kufufuza komwe. Kusintha kwa msangamsanga chonchi kawirikawiri kumabwera ndi matenda a m'chikhodzodzo, chibayo kapena kuchepa kwa madzi m'thupi. Thamanga nawo kuchipatala tsiku lomwelo.

Koma amene ndikumudera nkhawa kwambiri ndi iweyo. Fufuza dzina lakuti iSupport. Ndi maphunziro aulere amene WHO inakonzera anthu osamalira odwala dementia. Muli za kusambitsa, kudyetsa, zoyenera kuchita wodwala akakwiya kapena akamafuna kutuluka usiku, ndipo muli gawo lathunthu lonena za kudzisamalira kwa wosamalirayo. Limeneli usalidumphe chonde, ndikukudziwa iwe, umatha kufooka koma osauza munthu. Pa tsamba la Alzheimer's Disease International pali mndandanda wa mabungwe a m'mayiko osiyanasiyana, mwina upeza lapafupi nawe.

Magulu a pa Facebook ndi abwino popepesana ndi kulimbikitsana, poti mumapezeka anthu odziwa kuwawa kwa kuitanidwa dzina la munthu wina ndi mayi wako wokubereka. Koma wina akakuuza kuti uchepetse kapena usiye mankhwala a BP, usamvere.

Pakadali pano chotsa timphasa toterereka pansi, ndipo usiku njira yopita kuchimbudzi izikhala yowala, chifukwa munthu wachikulire akagwa n'kuthyoka chiuno amavutika kuti adzayendenso.

Undiuze tsiku limene muonane ndi dokotala, ndidzakuimbira madzulo ake. Uwapatse moni amayi ndi ana onse.

Ndine mnzako wa pamtima.