Lipoti la msonkhano wa okonza mawebusayiti umene munandituma ku Lilongwe

Wapampando ndi anzanga nonse, ndabwerako bwino. Msonkhano unali wa masiku awiri, ndipo nkhani inali ya mbali ya webusayiti imene munthu amaiona pa foni kapena pa kompyuta, yomangidwa ndi zinenero za kompyuta zotchedwa HTML, CSS ndi JavaScript. M'mawa wa tsiku loyamba unathera pa malonje ndi mbiri, monga yakuti Brendan Eich analemba JavaScript ku Netscape mu 1995. Pamenepo sindichedwapo.

Zimene ndikufuna mumve zinachitika masana. Wophunzitsa anapempha kuti wina apereke ntchito yake ionetsedwe pakhoma. Ine podzidalira ndinapereka webusayiti ija tinakonzera amayi oweta nkhuku. Anaitsegula mu Chrome, n'kulowa mu DevTools (zida zoyesera mawebusayiti za mu Chrome momwemo), n'kutsitsa liwiro la intaneti kufika pa 3G kuti tione zimene munthu wa kumudzi amaona pa foni yake. Khoma linangoyera kuti mbee. Anyamata ena kumbuyo anayamba kuwerenga masekondi mokweza, ine kusowa pobisa nkhope. Muyeso wa Google umati chinthu chachikulu cha pa tsamba chizioneka pasanathe masekondi 2.5. Ife tinapitirira kutali.

Atafufuza, matenda anapezeka awiri. Chithunzi cha nkhuku chija tinachiika monga chinachokera mu kamera, osachichepetsa, ndiye mayi aliyense wotsegula tsambalo amawotcha bandulo yake pa nkhuku imodzi. Kenako tinaika jQuery yonse (mtolo wa JavaScript yolembedwa kale) pamwamba pa tsamba kuti ingotsegula menyu basi. Pulogalamu yotsegulira mawebusayiti ikakumana ndi script (fayilo ya JavaScript) yotere imaima kaye, kuikoka, kuiyendetsa, ndipo mawu onse ali m'munsi amadikira. Mankhwala ake ndi osavuta mpaka ndinadziseka ndekha: kulemba defer pa script kuti idikire mpaka tsamba lonse litawerengedwa, kusandutsa zithunzi kukhala WebP (mtundu wa zithunzi wopepuka), ndi kuika loading="lazy" pa zithunzi za m'munsi kuti zizibwera pokhapokha munthu akaziyandikira. Bokosi lotseguka ndi kutsekeka silifuna JavaScript n'komwe, HTML ili ndi details yochita zomwezo.

Anatikumbutsanso kuti CSS Grid, njira yatsopano yosanjira zinthu pa tsamba, yakhala ikugwira m'mapulogalamu akuluakulu otsegulira mawebusayiti kuyambira 2017, ndipo Microsoft inasiya kusamalira Internet Explorer, pulogalamu yake yakale yotsegulira mawebusayiti, mu 2022. Ife tikadali kukankhana ndi float, njira yakale yosanjira zinthu, ngati tikuopa mzukwa wa Internet Explorer.

Tsiku lachiwiri panabuka mkangano. Ena amati aliyense aphunzire React, chida cha JavaScript chomangira mawebusayiti chimene Facebook inatulutsa mu 2013, poti olemba ntchito akunja amaifuna. Sakunama, ndipo wofuna maganyu otere aiphunzire. Koma makasitomala athu ndi masukulu, mipingo ndi timagolosale, masamba asanu kapena asanu ndi limodzi. Kuwasenzetsa React ndiye kubwereka lole kuti inyamule thumba limodzi la chimanga. Ndinayankhula zimenezi, ena anawomba m'manja, ena anang'ung'udza.

Kanthu kena kakang'ono koma kathu: chilembo ŵ. Mukukumbukira tsamba lija dzina la Malaŵi linatuluka ngati MalaÅµi? Vuto ndi kusowa kwa mzere wa meta charset="utf-8" pamwamba, umene umauza pulogalamu mmene iwerengere zilembo. Tizionetsetsanso kuti font (kalembedwe ka zilembo) imene tasankha ili nacho chilembochi, ndipo tsamba la Chichewa tizililemba lang="ny" kusonyeza chinenero chake.

Pempho langa ndi lakuti Loweruka likubwerali tisayambe ntchito yatsopano. Aliyense abwere ndi foni yakale kwambiri imene angaipeze kunyumba, ngakhale ya agogo yomanga ndi mphira, tiyese mawebusayiti onse amene tinapereka kale, kuyambira ya nkhukuyo. Malisiti a basi ndi malo ogona ndapereka kwa msungichuma pamodzi ndi chenji.