Kukhazika odwala mawondo pampando sikuwathandiza

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko pa malangizo omwe afala kwambiri, oti munthu akangoyamba kumva kupweteka m'mawondo azikhala pansi asamayendeyende, ati mawondo akutha nde awasunge. Abale amanena zimenezi mwachikondi ndithu, koma kwa anthu ambiri omwe ali ndi nyamakazi ya m'mawondo, ija madokotala amati osteoarthritis, kukhala phee kumangowonjezera vuto. Ndipo si anthu ochepa, bungwe loona zaumoyo la WHO limati mu 2019 anthu pafupifupi 528 miliyoni padziko lonse anali ndi matendawa m'malo osiyanasiyana okumanira mafupa, ambiri mwa iwo amayi, ndipo bondo ndi lomwe limagwidwa kwambiri.

Pomwe mafupa amakumana pamakhala chicherewecherewe, choterera bwino, chokhuthala mamilimita 2 mpaka 4 basi. Chilibe mitsempha ya magazi nkomwe. Nde chimadya bwanji? Chimadalira timadzi tomwe timakhala m'bondo momo. Mukaponda pansi chimafinyika madzi nkutuluka, mukanyamula phazi chimafufumanso nkuyamwa madzi ena okhala ndi chakudya, mmene imachitira siponji, ndipo timaselo tochepa tomwe tili mkatimo timamva kufinyikako nkumapitiriza ntchito yokonza. Mukasiya kuponda ndiye kuti mwachimana chakudya. Anayezapo anthu omwe anafa miyendo atavulala msana, patangopita miyezi chicherewecherewe cha m'mawondo awo chinali chitapyapyala chonsecho sanapondepo pansi olo kamodzi. Mwendo wokhalitsa mu chikhakha nawonso zimauchitikira.

Ena amati kujoga kumapha mawondo. Mu 2017 akatswiri anaphatikiza kafukufuku wa anthu oposa 100,000, anapeza kuti mwa othamanga wamba, aja ongofuna kulimbitsa thupi, 3.5 peresenti okha ndi omwe anali ndi nyamakazi ya m'bondo kapena m'chiuno, pomwe mwa ongokhala anali 10.2 peresenti. Koma othamanga ampikisano, omwe amadya makilomita ambirimbiri kwa zaka, anafika 13.3 peresenti. Sindikunena kuti aliyense avale nsapato mawa akathamange ayi, manambalawa ali ndi pobisalira chifukwa munthu amene bondo layamba kale kumuvuta amasiya yekha kuthamanga nkukawerengedwa mgulu la ongokhala. Komabe akuonetsa kuti bondo limafuna katundu wapakatikati, wobwera pafupipafupi, wowonjezeka pang'onopang'ono.

Zowononga zenizeni ndi zina. Kuvulala ndiye koyamba, munthu akadula mtsempha wa mkati mwa bondo uja osewera mpira amati ACL, pafupifupi theka la otere amadzapezeka ndi nyamakazi pakatha zaka 10 mpaka 20. Ntchito yogwada kapena kunjuta tsiku lonse uku ukunyamula zolemera, kwa zaka, nayonso imawononga. Kenako kunenepa. Poyenda chabe bondo limasenza katundu woposa kulemera kwa thupi kawiri kapena katatu, pa masitepe ndiye zimaposa apo, moti munthu akatsika kilo imodzi pa sikelo bondo limapepukidwa pafupifupi makilo 4 pa phazi lililonse lomwe waponda. Tawerengani nokha mapazi omwe mumaponda pa tsiku. Tsono munthu wauzidwa kuti akhale pansi, akunenepa, minofu ya pantchafu yomwe imagwira bondo kuti lisamagwedere ikufooka, tsiku lomwe adzaimirire ululu wawonjezeka, iye nkumati mwaona, kuyenda kumandipweteka, nkubwereranso pampando pomwepo.

Chomwe chimandinyansa ine ndi mantha omwe anthu amatenga akaona X-ray. Wauzidwa kuti mafupa atsala pang'ono kukhudzana, basi mtima wasweka. Chonsecho chicherewecherewe chilibe mitsempha yomvera ululu, ululu umachokera ku fupa la pansi pake, ku kachikopa kokuta bondo ndi zina zozungulira, nchifukwa chake pali anthu omwe chithunzi chawo nchoopsa koma akuyenda bwinobwino, ena chithunzi chooneka bwino akulephera kugona.

Mafizo sameretsanso chomwe chatha, pamenepo tisanamizane. Amachepetsa ululu ndi kubweza mphamvu, ndipo sizifuna jimu. Khalani pampando wolimba, mapazi pansi motalikirana pang'ono, imirirani osagwira paliponse, kenako khalaninso pang'onopang'ono osadzigwetsa, mumva ntchafu zikutentha, ndi minofu imeneyo tikufuna. Kapena muli chikhalire wongolani mwendo, ugwireni choncho kamphindi kenako tsitsani. Kuyenda ndawala, njinga, kusambira zonse nzabwino, WHO imalimbikitsa mphindi zosachepera 150 pa sabata ndi masiku awiri olimbitsa minofu, koma amene wakhala nthawi yaitali osachita kanthu ayambe ndi mphindi zochepa. Kaululu pang'ono pochita mafizo si chizindikiro choti bondo likuwonongeka, bola kakhale katatsika pofika mawa lake. Ngati mawa bondo ladzuka lotupa kapena ululu sukutsika ndiye kuti mwapyola, chepetsani koma osasiyiratu.

Pali nthawi yomwe simuyenera kudzichitira nokha. Bondo likatupa mwadzidzidzi, lotentha, thupi nalo likutentha, kapena likumakanika kuwongoka ngati latsekeka, kapenanso mmawa zala za manja onse awiri zimauma kupitirira ola lathunthu, pitani kuchipatala msanga chifukwa amenewo akhoza kukhala matenda ena.

Pempho langa Akonzi, tsamba lanu la zaumoyo lidzaitaneko katswiri wa mafizo atisonyeze ndi zithunzi mmene masewerawa amachitikira, makamaka a achikulire omwe kudzuka pampando kumawavuta kale.

Ine wowerenga wanu.