Dandaulo pa chipangizo choyesera ma fuel cell chimene chatiwonongera ma cathode

Kwa Mkulu wa Zamalonda,

Bwana kapena Mayi,

Ndikulemba kalatayi mtima ukundiwawa chifukwa cha chipangizo choyesera ma solid oxide fuel cell (ma cell opanga magetsi kuchokera ku gasi monga hydrogen ndi oxygen wa mu mpweya, pa kutentha kwakukulu) chimene labotale yathu inagula kwa inu. Tisanalipire tinafunsa mobwerezabwereza ngati chingapirire mpweya wachinyontho pa kutentha kwa madigiri 750, inu n'kutitsimikizira kuti tisade nkhawa. Lero ntchito ya miyezi itatu yalowa m'madzi.

Ma cell athu ali ndi cathode (mbali imene imalandira oxygen wa mu mpweya) ya LSCF, yopangidwa ndi lanthanum, strontium, cobalt ndi ayironi. Poyamba zonse zinali bwino, koma kenako mphamvu ya magetsi inayamba kutsika tsiku ndi tsiku, ndipo miyeso ya impedance, yoonetsa pamene magetsi akuvutika kudutsa, inaloza ku cathode. Tinakayikira chromium, poti ndiye amakonda kuwononga ma cathode, koma m'njira yathu ya mpweya mulibe chitsulo chimene akanachokerako. Titazimitsa ng'anjo n'kuunika cathode pa maikulosikopu ya ma electron, tinapeza silicon atayala pamwamba ponse, makamaka mbali imene mpweya umalowera.

Gwero lake ndi chubu cha quartz chimene munaika m'ng'anjomo. Quartz ndi silica yeniyeni, kutanthauza silicon wogwirana ndi oxygen. Ikakumana ndi nthunzi ya madzi pa moto wotere, imatulutsa silicon hydroxide youluka ndi mpweya, n'kukatera pa cathode. Kumeneko imagwirana ndi strontium amene amasonkhana pamwamba pa LSCF, n'kupanga kakhungu kopyapyala kotseka malo amene oxygen amalowera. Kakhungu kameneka sikasukika. Cell ikafika pamenepo ndi yotaya basi, ndipo ife tataya ma cell asanu ndi imodzi. Chimene chandipweteka kwambiri n'chakuti wophunzira wanga anakhala masabata angapo akudziimba mlandu, kuganiza kuti ndiye analakwitsa posakaniza ufa wa cathode.

Zimenezi n'zodziwika kwa aliyense wopanga zida zotere, koma buku lanu la malangizo silitchulako ngakhale pang'ono.

Choncho ndikupempha kuti mutitumizire chubu cha alumina (aluminium oxide) yoyera bwino, osati yotsika mtengo ija yosakanikira silica, mutibwezere ndalama za ma cell owonongekawo, ndiponso muike chenjezo m'bukulo. Zithunzi ndi miyeso yonse ndatumiza pamodzi ndi kalatayi. Ndikuyembekezera yankho lanu lolembedwa pasanathe masiku 14.

Ine wodandaula,
Woyang'anira labotale