Mtengo umene ndinatsala pang'ono kudula

Chilomoni, Blantyre

Bwanawe,

Ndikhulupirira uli bwino ku Joni kumeneko. Kuno Okutobala wafika ndi ukali wake, phiri la Michiru latuwa ndi utsi, koma jakaranda wa m'tauni wayala kale maluwa pamsewu. Usadzandinamizenso kuti wa ku Pretoria ndi wokongola kuposa wathu. Mtengo ndi womwewo, tonse tinachita kulandira kuchokera ku South America.

Paja ndinakuuza kuti tinasamuka. Nyumba ya lendiyi ili ndi bwalo lalikulu lomwe linangosiyidwa, ndipo eni ake anati ndilikonze mmene ndingafunire. Mango, mapeyala ndi malaina sindinafunse munthu. Koma kuseri kwa khitchini ndinapezako mtengo wopanda tsamba ngakhale limodzi, utangolendewera tinthu touma tozungulira ngati timbale, pakati pake tili ndi tsitsi lobaya. Ndinati basi wauma uwu, mayi a kunyumba apeza nkhuni. Mwana wathu wamkulu anaujambula pa foni, pulogalamu yake ija yozindikira zomera n'kutchula maina atatu osiyana. Bandulo inangopita pachabe.

Loweruka m'mawa ndatenga nkhwangwa, agogo a nyumba yoyandikana nafe, omwe anali kalipentala, anandiona pamwamba pa mpanda. "Aphwanga, taimani kaye." Anabwera ndi chikwanje, n'kutema khungwa pang'ono chabe. Panatuluka utomoni wofiira, kuyenderera ngati magazi a munthu. "Mlombwa uwu. Sunaume ayi, umayoyola masamba m'chilimwe. Timbale mukutionati ndi njere zake." Kenaka anandiuza mmene matabwa ake akusowera masiku ano, ndiponso kuti umakula mochedwa kwambiri, moti woubzala nthawi zambiri sakhala amene amaucheka.

Manyazi anandigwira, bwanawe. Ine ndi iwe takhalira mipando ya mlombwa, tatsegula zitseko za mlombwa, dzina tikulidziwa kuyambira tili ana, koma nditakumana nawo uli chilili sindinauzindikire. Sabata ino wachita maluwa achikasu, njuchi zili ng'waa kuyambira m'bandakucha. Nkhwangwa ija ndinabweza kwa eni ake.

Zapansi sizinavute kwenikweni. Pafupi ndi mpopi, pomwe madzi amadontha, pali khovani ndi timaluwa take tabuluu. Ameneyu ukamupalira n'kumusiya pomwepo amagwiranso, chifukwa mfundo iliyonse imatulutsa mizu, ndiye timangozulira akalulu. Chisoso ndi mwamunaaligone ndikudziwa kuti zibwera zokha ndi mvula, ndiwo zaulere.

Chomwe ndakulemberatu ndi ichi. Kutsogolo kwa nyumba kuli chomera china choyanga pansi, chothithikana ngati mphasa. Masamba ake ndi obiriwira kwambiri, onyezimira koma okhakhala ukawagwira, ena ngogawika patatu. Maluwa ndi achikasu, ngati mpendadzuwa waung'ono. Ngakhale dzuwa lonseli sichinafote, ndipo chikulowerera mu kapinga n'kumamupha. Agogo aja atachiyang'ana anangoti, "Izi ndi za azungu," n'kumapita. Iwe wagwira ntchito ya m'maluwa kumeneko zaka zonsezi, mwina mabwana ako ali nacho. Ndikutumizira zithunzi pa WhatsApp madzulo ano, cha tsamba, cha duwa ndi cha mizu. Undiuze dzina lake, komanso ngati ndichizule mvula isanagwe kapena ndichisiye pamalo otsetsereka paja pomwe nthaka imakokoloka. Ukalephera iwe, ndichipana mu nyuzipepala ndikachionetse ku National Herbarium ku Zomba ndikamakaona achemwali.

Njere za mlombwa ndatolera zodzaza jumbo. Nyengo yobzala mitengo ikuyamba pa 15 Disembala, ndiye ngati ubwera pa Khirisimasi monga unanenera, ukatengeko zina ukayese kumudzi.

Upereke moni kwa alamu ndi ana.

Ine mnzako,
wa ku Chilomoni